Pemphero, Khama ndi Gawo la Kholo pa Nthawi ya Mayeso

Mayeso a Fomu 4, omwe amadziwika kuti MSCE, amalembedwa ndi mwana mmodzi atakhala yekha pa desiki, koma kukonzekera kwake kumagwedeza banja lonse. Amene amakonza mayesowa ndi bungwe la MANEB, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Magiredi 1 ndi 2 ndiwo apamwamba kwambiri, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, pamene 9 ndi kulakwa. Akaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi omwe mwana wachita bwino amapeza mapointi, ndipo amene wapeza 6 ndiye wafika pachimake. Mwana wolakwa Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza zina zonse, ndipo wofuna malo ku yunivesite ya boma amayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Zaka zinayi za ku sekondale zimaweruzidwa m'masabata ochepa a m'nyengo yozizira, cha m'ma Juni ndi Julaye.

Pamenepa pamabuka funso lomwe aphunzitsi okha sangaliyankhe, chifukwa ndi la chikhulupiriro ndi la nzeru za moyo. Kholo limafunitsitsa chinthu chimene silingathe kuchichita lokha. Silingalowe m'chipinda cha mayeso, silingaike nzeru m'mutu mwa mwana, ndipo Mulungu amene banja likumupempha salonjeza giredi kwa munthu aliyense. Nanga gawo la kholo ndi liti, la mwana ndi liti, ndipo la Mulungu ndi liti? Zolakwika zambiri zimene zimachitika m'makomo pa nyengo imeneyi zimachokera pa kusakaniza magawo atatuwa.

Epictetus, mphunzitsi wa nzeru wa ku Girisi amene anakhalapo kapolo ku Roma, anayamba chiphunzitso chake posiyanitsa zinthu zimene zili m'manja mwa munthu ndi zimene sizili m'manja mwake. Ankaona kuti munthu amazunzika pamene aika mtima wake wonse pa zimene sangazilamulire, n'kunyalanyaza zimene akanatha kuchita. Kwa kholo la mwana wa Fomu 4, mafunso amene adzabwere, kachongedwe kake ndi kuchuluka kwa malo ku yunivesite zili kunja kwa mphamvu zake. Zimene zili m'manja mwake n'zooneka zazing'ono, koma ndi zomwezo zimene mwana amadalira tsiku ndi tsiku.

Choyamba mwa izo ndi nthawi. Mwana wa ku sukulu yoyendera, makamaka ya CDSS, amadzuka kusanache, n'kuyenda mtunda wautali, ndipo pobwerera madzulo amapeza ntchito zikumudikira. Miyezi yobwereza maphunziro imakumana ndi nyengo yokolola, pamene chimanga chikufuna kututidwa, kutonoledwa ndi kuikidwa m'matumba. Mtsikana ndiye amasenza zambiri: kutunga madzi, kupita kuchigayo, kutsuka mbale, kubereka mng'ono wake. Kholo limene limauza mtsikana wotere kuti awerenge, koma osamuchotsera ngakhale ntchito imodzi, likumupempha chinthu chimene lamulanda kale. Kugawira ena ntchitozo kwa miyezi itatu, abale ake aamuna ali momwemo, ndi thandizo loposa malangizo ambirimbiri. Kenaka pamabwera kuwala, kaya ndi tochi, nyali ya sola kapena kandulo, ndi kakona kabata komwe wailesi ndi macheza sizifikako. Phala la m'mamawa ndi juzi yofunda nazo zili m'gulu lomweli, pakuti mwana wanjala amene akunjenjemera ndi chisanu cha Juni sagwira zimene akuwerenga.

Tulo ndi nkhani imene makolo ambiri amaiona mozondoka. Mwana amene wachezera usiku wonse, mapazi ataviika m'beseni la madzi ozizira kuti asagone, amatamandidwa kuti ndi wakhama, pamene wogona msanga amakayikiridwa. Komatu madokotala amalangiza kuti wachinyamata azigona maola 8 mpaka 10, ndipo m'tulo ndimo ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira masana. Kale m'chaka cha 1885, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti munthu amaiwala msanga zambiri mwa zimene wangoloweza, ndiponso kuti kubwereza kotalikiranatalikirana masiku kumasunga chinthu m'mutu kuposa kuchipanikiza tsiku limodzi. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonjezerapo kuti kudzifunsa mafunso buku litatsekedwa kumaposa kungowerenga mobwerezabwereza. Izi zimapatsa mpata ngakhale kholo limene silinapite patali ndi sukulu. Mayi amene sadziwa Biology akhoza kuuza mwana wake, ali pamphasa akusankha nyemba, kuti, "Tandifotokozere m'Chichewa momwe magazi amayendera m'thupi." Mwanayo akamafotokoza amadzipeza yekha pamene pakumuvuta, ndipo amaonanso kuti zimene akuphunzira zili ndi womvetsera pakhomo.

Pemphero ndi nkhani yovutirapo. M'mabanja ambiri mayeso akayandikira mapemphero amachuluka. M'matchalitchi ophunzira amaitanidwa kutsogolo kuti awapempherere, magulu a SCOM ndi YCS amasonkhana m'sukulu, amayi ena amasala kudya, ndipo m'mabanja a Chisilamu makolo amapempha duwa. Palibe chodabwitsa pamenepa. Munthu wokhulupirira amabweretsa kwa Mulungu chilichonse chimene chikumulemera, ndipo tsogolo la mwana ndi cholemera kuposa zonse. Funso lagona pa chimene pempherolo likuyembekezeredwa kuchita.

Zipembedzo zikuluzikulu za m'dziko muno zimagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti pemphero silichotsa ntchito. Kalata ya Yakobo, m'mutu wachiwiri, imakana chikhulupiriro chimene sichioneka m'zochita. Buku la Miyambo limatumiza waulesi kuti akaphunzire kwa nyerere. M'Chisilamu muli hadisi yodziwika ya munthu amene anafunsa Mtumiki Muhammad ngati amange ngamila yake kapena angoisiya n'kudalira Mulungu, ndipo anauzidwa kuti achite zonse ziwiri, kuyambira ndi kumanga. Malamulo amene Benedict wa ku Nursia analembera amonke m'zaka za m'ma 500 anagawa tsiku m'nthawi za pemphero, za ntchito ya manja ndi za kuwerenga, popanda china kulanda malo a chinzake. Motero kholo limene limatulutsa mwana pa buku usiku ndi usiku kuti akachezere ku mapemphero, sabata imodzi mayeso asanayambe, silingadzitchinjirize ndi chiphunzitso cha chipembedzo chilichonse mwa izi.

Palinso mchitidwe wodzoza zolembera ndi mafuta kapena kuwaza madzi pa mabuku, ndi uja wakale wopita kwa sing'anga kukatenga mankhwala a nzeru. Kunja zimaoneka zosiyana, ndipo ochita chimodzi amanyoza ochita chinacho, koma maganizo ake akhoza kukhala amodzi: kuti pali njira yokakamizira mphamvu zosaoneka kuti zipereke giredi. Kudalitsa cholembera monga chizindikiro chakuti ntchito ya mwana yaperekedwa kwa Mulungu n'kosiyana ndi kuuza mwanayo kuti cholemberacho chidzamukumbutsa zimene sanawerenge. Koyambako kumamukhazika mtima pansi. Kwachiwiriko kumamunamiza, ndipo tsiku limene bodzalo lidzaululike chikhulupiriro chake chikhoza kugwera limodzi ndi magiredi ake. Pemphero loyenera nyengoyi ndi lopempha zimene mwana akusowadi kuti agwire ntchito yake: thanzi, mtima wodekha, kukumbukira zimene anavutikira, ndi mphamvu yokana chinyengo. Limathandizanso kholo lenilenilo, chifukwa nkhawa imene yatulidwa kwa Mulungu siitulidwanso pamutu pa mwana.

Choopsa kwambiri ndi kuwerenga zotsatira za mayeso ngati chiweruzo cha Mulungu. Ngati kukhoza ndi umboni wakuti Mulungu wakondwera, ndiye kuti kulakwa ndi umboni wakuti wakwiya, ndipo mwana wolakwa amasenza katundu pawiri: wataya satifiketi, watayanso Mulungu. Baibulo lenilenilo limakana kawerengedwe kotere. Mlaliki, m'mutu 9, anaona kuti kupambana sikugwera nthawi zonse aliwiro, amphamvu kapena anzeru, popeza nthawi ndi zongogwa mwadzidzidzi zimakhudza onse. Abwenzi a Yobu anaumirira kuti tsoka lake linali malipiro a tchimo, ndipo kumapeto kwa bukulo ndi iwo amene anadzudzulidwa. M'mutu 9 wa Yohane, Yesu anakana kuti khungu la munthu wobadwa wosaona linachokera ku tchimo lake kapena la makolo ake. Ndipo aliyense wodziwa sukulu za m'Malawi akudziwa zifukwa za pansi pano zimene zimasiyanitsa zotsatira. Sukulu zambiri za CDSS, zomwe zinabadwa kuchokera ku malo ophunzirirapo a MCDE kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, zakhala zikusowa malabu, mabuku okwanira ndi aphunzitsi a sayansi, pamene mwana wa ku sukulu yogonera komweko ali ndi magetsi, laibulale ndi nthawi yoikika yowerengera madzulo. Onsewo amalemba pepala limodzi. Kunena kuti kusiyana kwa magiredi awo kukuonetsa amene Mulungu amamukonda ndi kumunamizira Mulungu zinthu zimene anthu analephera kukonza.

Pali malire ena amene chikondi cha kholo chimawadumpha mosavuta. Mu Novembala 2020, patangopita miyezi yochepa sukulu zitatsegulidwanso pambuyo pa kutsekedwa chifukwa cha Covid-19, boma linathetsa mayeso a MSCE ali mkati chifukwa mapepala ena anali atabedwa n'kufalikira pa mafoni. Ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anayenera kulembanso mu Januwale 2021. Likasa, lomwe ndi mapepala a mayeso obedwa chonchi, lili ndi msika chifukwa pali ogula, ndipo ndalama zogulira kawirikawiri sizichokera m'thumba la mwana. Kholo limene limapereka ndalamazo, kapena limene limaona mafunso okayikitsa pa foni ya mwana n'kuyang'ana kumbali, limadziuza kuti likuthandiza. Koma thandizo limasiya kukhala thandizo pamene kholo layamba kuchita m'malo mwa mwana chimene mwanayo anayenera kuchita yekha. Satifiketi ndi umboni wakuti munthu uyu akudziwa zakutizakuti. Yopezeka ndi likasa ndi umboni wonama, ndipo zipembedzo zonse ziwiri, Chikhristu ndi Chisilamu, zimauletsa poyera.

Kubera mayeso kuli ndi wina amene amapwetekedwa, ngakhale nkhope yake sioneka. Malo a ku yunivesite ndi ochepa kuyerekeza ndi ofuna, choncho mwana wolowa mwachinyengo amatulutsa mnzake amene anawerenga moona mtima pa kuwala kwa tochi. Olemba a ku Malawi amene afufuza za umunthu, monga Augustine Musopole ndi Harvey Sindima, amatsindika kuti munthu amakhala munthu pakati pa anzake, monga akuluakulu ananenera kuti kali kokha n'kanyama. Ngati zili choncho, kukweza mwana wako popondereza wa mnzako ndi kuchotsa pa umunthu wa onse awiri. Ndipo mwana amene waona bambo ake, mkulu wa mpingo, akugula mafunso waphunzira phunziro limene lidzakhalitsa kuposa masamu onse a Fomu 4: kuti chilungamo n'cholalikira Lamulungu, koma zinthu zikavuta chimaikidwa pambali.

Funso lozama kuposa onsewa ndi lakuti mwanayo ndi ndani kwa kholo lake. M'dziko limene anthu ambiri alibe penshoni, n'zoona kuti mwana wophunzira ndiye chiyembekezo cha ukalamba ndi cha abale ake aang'ono. Banja limene lagulitsa mbuzi, fodya kapena matumba a soya kuti mwana akhale pa sukulu silikulakwa poyembekezera kuti tsiku lina adzawakumbukira. Lamulo lolemekeza atate ndi amayi limafikanso pa kuwasamala. Komabe Immanuel Kant, m'buku lake la mu 1785, anaika mfundo imene imaunikira bwino pamenepa: munthu asatengedwe ngati chida chabe chopezera zofuna za wina, chifukwa iye mwini ali ndi ulemerero wosagulika. Mawu ofunika m'mfundoyi akuloza pa kusandutsa munthu chida ndi kuthera pomwepo. Kuyembekezera thandizo kwa mwana n'kololedwa. Kumuona ngati munda umene ukapanda kubereka ungosiyidwa ndiko kulakwa. Chikhristu chimafika pa mfundo yomweyo kudzera pa chiphunzitso chakuti munthu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo Chisilamu chimaona ana ngati chinthu chimene Mulungu wasungitsa kwa makolo, chomwe adzafunsidwa nacho. Ulemerero umenewu mwana amabadwa nawo. MANEB siupereka ndipo siingauchotse.

Momwe kholo limaonera mwana zimamveka m'kayankhulidwe. "Ndagulitsa mbuzi zonse chifukwa cha iwe, ukalakwa usabwerenso pano." "Mwana wa a Phiri anapeza mapointi 12, iwe chikukuvuta n'chiyani?" Mawu oterewa amayankhulidwa ndi cholinga chodzutsa khama, koma chimene amadzutsa ndi mantha, ndipo mantha akakula amatseka mutu pa nthawi imene ukufunika kutseguka. Mwana woopa kutaya kwawo ndiye amafunafuna likasa, ndiye amabisa zotsatira za mayeso oyeserera, ndipo ena mwa ana oterewa zikavuta amafika poganiza zodzipha. Paulo, polembera Akolose ndi Aefeso, atangolamula ana kumvera, anatembenukira kwa atate n'kuwachenjeza kuti asakwiyitse ana awo mpaka kuwatayitsa mtima. Anadziwa kuti amene ali ndi mphamvu pakhomo ndiye akhoza kuthyola. Mwana amene wasiya kudya, sakugona, akulira popanda chifukwa chooneka kapena wayamba kudzipatula safuna ulaliki wina. Akufuna womukhazika pansi n'kumufunsa modekha, ndipo zikapitirira, womutengera kwa mphunzitsi womudalira, kwa mtsogoleri wa chipembedzo kapena kuchipatala.

Ena amatsutsa kuti kufatsa kotereku kumabala ulesi, ndipo kuti mwana wodziwa kuti adzalandiridwa ngakhale alakwe sadzavutikira buku. Kutsutsaku kuli ndi maziko. Buku loyamba la Samueli limamuimba mlandu wansembe Eli chifukwa chosaletsa ana ake pamene ankachita zoipa, ndipo fanizo la matalente mu Mateyu 25 limadzudzula wantchito amene anakwirira chimene anapatsidwa. Kholo liyenera kulanda foni ikamadya maola owerengera, kufunsa za anzake amene mwana akuyenda nawo, kuyang'ana makope ndi kupita kusukulu kukakumana ndi aphunzitsi. Wakutsina khutu ndi mnansi. Koma fanizo lomwelo likuonetsa pamene chidzudzulo chiyenera kulunjika. Wantchito amene anapindula matalente awiri analandira chiyamiko chofanana ndi amene anapindula asanu, ndipo wodzudzulidwayo anadzudzulidwa chifukwa chosagwiritsa ntchito chimene anali nacho, osati chifukwa chakuti chinali chochepa. Choncho mwana angafunsidwe mlandu pa khama lake, lomwe lili m'manja mwake, osati pa giredi imene imadaliranso mphatso zake, sukulu yake ndi thanzi lake pa tsikulo. Mwana amene wafika pa giredi 6 mu masamu atachokera pa 9 wagwira ntchito yaikulu kuposa wanzeru amene watsika pa 1 kufika pa 3 chifukwa cha masewera, ndipo kholo lokha ndilo lili pafupi mokwanira kuti lione zimenezi.

Udindo umenewu sugwera bambo ndi mayi okha. Pakati pa Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, kumene mbumba imatsata kuchikazi, malume akhala ndi mawu aakulu pa za ana a mlongo wawo, ndipo ambiri ophunzira lero anaphunzitsidwa ndi malume, azakhali kapena mkulu wawo. Ana ambiri olemba mayeso akuleredwa ndi agogo, ndipo ena, makamaka atsikana a kutali ndi sukulu, amachita lendi kachipinda pafupi ndi sukuluyo n'kumadziphikira okha, kutali ndi diso la wamkulu aliyense. Kwa oterewa mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe amayesedwa ndi zinthu zogwirika: mpingo kapena mzikiti umene uli ndi magetsi kutsegula chipinda madzulo kuti ana awerengeremo, mnansi kubwereketsa mapepala a mayeso akale, mayi wa pafupi kudutsako kukaona ngati m'kachipindamo muli ufa.

Gawo la kholo silithera pa pepala lomaliza. Zotsatira zimatuluka patapita miyezi ingapo, ndipo chaka chilichonse ana ochuluka zedi sapeza satifiketi, pamene ambiri mwa okhozawo sapeza malo ku yunivesite ya boma. Zimene kholo lidzanene pa ola loyamba mwana atamva zotsatira zimaulula ngati mapemphero a miyezi yonse ija anali opempherera mwanayo kapena satifiketi. M'fanizo la mu Luka 15, atate anathamangira mwana amene anawononga chuma mwadala, asanamve n'komwe kupepesa kwake konse. Mwana amene anayesetsa koma zinamukanika ali ndi chifukwa chachikulu choyembekezera kulandiridwa kotero. Pambuyo pa kulandiridwako ndipo pamabwera kukambirana za njira. Malamulo amalola munthu kulembanso MSCE, kaya pobwereza Fomu 4, kaya kudzera ku sukulu za masana zimene zimaphunzitsa ena akaweruka. Palinso maphunziro a ntchito zamanja monga ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi, kuwotcherera ndi kusoka, omwe bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira m'makoleji a luso ndi m'malo ophunzitsira a m'madera. Posankha pakati pa njirazi, kholo limabweretsa zimene likudziwa za ndalama za pakhomo ndi za moyo, mwana amabweretsa zimene akudziwa za mphamvu zake ndi chimene mtima wake ukufuna, ndipo popeza amene adzakhale m'kalasimo kapena pa benchi ya ukalipentala ndi mwanayo, mawu ake amayenera kumveka chisankho chisanapangidwe.